Laputopu ya injini ziwiri: Chimene chikutha batire lanu

Dandaulo lake ndi limodzi, kaya ndi ku Mponela, ku Balaka, ku Luchenza kapena ku Jenda. Laputopu imene makolo adagulira mwana wa sukulu atagulitsa fodya, soya kapena mbuzi siikusunga moto. Magetsi akangothima, pakatha ola limodzi kapena awiri nayo yathima. Ikamagwira ntchito imatentha ngati simbi yositira, kwinaku kafani ka m'kati kakulira ngati chigayo cha kutali.

Zikatere ambiri amathamangira kuloza chala wogulitsa, ati adawapatsa batire lakutha. Nthawi zina zimakhaladi zoona, pakuti batire limakalamba ngati china chilichonse. Koma alipo malaputopu ena amene batire lake lilibe mlandu. M'mimba mwa makina amenewa muli zipangizo ziwiri zojambula zithunzi pa sikirini, china chaching'ono chodya moto pang'ono, china chachikulu chadyera. Chachikulucho nthawi zina chimangokhala chiyakire ngakhale palibe ntchito yoti chigwire.

Nkhaniyi ikukhudza mabanja ambiri chifukwa cha zimene zidachitika pa 14 Okutobala 2025. Patsikuli kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10, kupatula kwa okhawo amene adalembetsa ndondomeko yapadera yowonjezera nthawi. Windows 11 imakana makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018, ndipo makina otere sasowa m'mashopu ogulitsa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito.

Njira imodzi yowapulumutsira ndi kuikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene ndi yaulere komanso yotseguka. Kutseguka kwake n'kwakuti aliyense ali ndi ufulu woona mmene idalembedwera, kuisintha ndi kugawira anzake popanda kutchedwa wakuba. Adaiyambitsa ndi Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Mitundu yake ndi yambiri. Yodziwika bwino ndi Linux Mint, Fedora komanso Ubuntu, imene adaiyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004 n'kuipatsa dzina lofanana ndi liwu lathu lija loti umunthu.

Koma walira mvula walira matope. Linux ikalowa mu laputopu ya zipangizo ziwirizi, mwini wake ayenera kudziwa kusankha chipangizo choti chiyake ndi nthawi yoti chiyake. Kupanda kutero moto umangotayika ngati madzi otungira m'dengu.

Njinga ndi lole

Chithunzi chimene mumaona pa sikirini chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono. Pa sikirini ya mlingo wa 1920 kwa 1080 pali timadontho toposa 2 miliyoni, ndipo tonseti timayenera kupatsidwa mtundu wake ka 60 pa sekondi iliyonse. Chipangizo chogwira ntchito imeneyi amachitchula mwachidule kuti GPU.

GPU zilipo za mitundu iwiri. Yoyamba, imene pa Chingerezi amati integrated, imakhala m'kati mwenimweni mwa purosesa ya Intel kapena AMD, ubongo wa kompyuta uja. Ilibe nkhokwe yakeyake yosungiramo zimene ikugwirapo ntchito, imachita kubwereka ya kompyuta yonse, ndipo siidya moto wambiri. Yachiwiri, imene amati discrete, ndi chipangizo choima pachokha, kawirikawiri cha Nvidia GeForce kapena AMD Radeon. Ili ndi nkhokwe yake, mphamvu zochuluka, komanso mimba yaikulu.

Yaing'onoyo tiiyerekeze ndi njinga ya kabaza, yaikuluyo ndi lole. Munthu wopita kuchigayo ndi thumba limodzi la chimanga sachita hayala lole. Nayenso wosamutsa matumba 100 kuchoka kumunda sangadalire njinga.

Kulemba kalata kapena ntchito ya kusukulu mu LibreOffice, kuwerengera ndalama za banki mkhonde, kufufuza zinthu pa intaneti, kulowa msonkhano wa pa Zoom, zonsezi ndi thumba limodzi ndipo njinga imakwanitsa. Kuonera kanema nakonso sikufuna lole, chifukwa kuyambira mu 2011 GPU zaing'ono zambiri za Intel zili ndi kagawo kotchedwa Quick Sync kogwira ntchito ya makanema mosaononga moto.

Lole imafunika kwa okonza makanema a maukwati ndi a makwaya, ojambula mapulani a nyumba ndi zipangizo mu Blender kapena FreeCAD, ndiponso achinyamata okonda magemu akuluakulu. Vuto limabwera pamene lole yaimikidwa pabwalo injini ili chilirire tsiku lonse, dizilo n'kumapsa, koma katundu yense akunyamulidwa panjinga.

Tiyeni tiwerengere limodzi mwa chitsanzo chabe. Mabatire a malaputopu ambiri amasunga mphamvu ya pakati pa 40 ndi 60 Wh. Titenge la 50 Wh. Ngati laputopu ikudya mawati 10 pamene mukulemba, batirelo likusungani maola 5. GPU yaikulu ikakhala chiyakire n'kumadya mawati 5 okha owonjezera, maola aja atsika kufika pa 3 ndi mphindi 20. Ikayamba kukoka ndi mphamvu zake zonse, monga GeForce MX150 imene imatha kudya mawati 25, simufika ngakhale ola ndi theka.

Kumaiko kumene magetsi sathimathima, kusiyana kotereku sakulabadira. Koma ife tidaona mmene zidakhalira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndipo ambiri timatchaja pa sola ya panyumba kapena molipira pakashopu ka pamsika. Kwa ife, ola limodzi ndi mphindi 40 zotayikazo zitha kuchititsa mwana kukagona asanamalize ntchito yoti akapereke m'mawa.

Lole yosafika pakhomo

Opanga malaputopu adayamba kale kufunafuna njira yoti makina amodzi akhale ndi mphamvu komanso azisunga moto. Mu 2006 kampani ya Sony idatulutsa malaputopu a Vaio SZ okhala ndi kabatani kolembedwa Stamina mbali imodzi, Speed mbali inayo. Ukasuntha kabataniko umayenera kuzimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. MacBook Pro ina ya Apple ya kumapeto kwa 2008 nayo idali ndi GPU ziwiri, ndipo posintha umayenera kutseka ntchito zonse, kutuluka, n'kulowanso.

Makina amenewa adali ndi kachipangizo kotchedwa mux. Ntchito yake idali kulumikiza sikirini ku GPU imodzi kapena inzake, monga mmene amasinthira njanji kuti sitima ilowere uku kapena uko.

Mu Febuluwale 2010 kampani ya Nvidia ya ku California m'dziko la America idabweretsa njira yatsopano yotchedwa Optimus, imene siidafune mux. Panjirayi sikirini imalumikizidwa ku GPU yaing'ono nthawi zonse. Pakabwera ntchito yolemera GPU yaikulu imadzuka, kujambula zithunzizo, n'kuzipereka kwa yaing'ono kuti izionetse. Ntchito ikatha imagonanso. Zili ngati lole imene imatula katundu pamsewu waukulu chifukwa kumudzi siingafike, njinga n'kumatuta kukafikitsa pakhomo.

Njirayi idachepetsa zipangizo zofunika popanga laputopu, ndipo wogwiritsa ntchito samazindikira n'komwe kuti pasintha kanthu. Koma nzeru zake zonse zidali mu pulogalamu yoyendetsa GPU, imene akatswiri amaitchula kuti driver, kunena kuti dalaivala. Ndiye dalaivala wodziwa Optimus adangomukonzera Windows basi.

Zaka 9 za mkangano

Kwa anthu a Linux zotsatira zake zidali zowawa. Munthu amagula laputopu yodula, kuikamo Linux, n'kupeza kuti GPU yaikulu siikugwira ntchito, komanso siikuzima. Lole walipira, katundu siikunyamula, koma dizilo ikumwa.

Chidavuta n'chakuti dalaivala wa Nvidia adali wotsekedwa, za m'kati mwake imazidziwa ndi kampaniyo yokha. Intel idali kale ndi madalaivala otseguka, ndipo AMD idayamba kutulutsa zikalata zofotokoza zipangizo zake mu 2007. Kumbali ya Nvidia, anthu ongodzipereka amachita kufufuza okha mmene chipangizocho chimagwirira ntchito, n'kulemba dalaivala wawo wotchedwa nouveau, ngati makaniko wokonza injini imene buku lake sadalionepo.

Mu 2010 Dave Airlie wa kampani ya Red Hat adalowetsa mu Linux njira yotchedwa vga_switcheroo, koma imathandiza kwenikweni makina okhala ndi mux. Mu 2011 kudabadwa Bumblebee, ntchito inanso ya anthu ongodzipereka. Dzinali lidali nthabwala. M'makanema a Transformers, Optimus Prime ndi mtsogoleri wa maloboti amene amasanduka lole, ndipo Bumblebee ndi mnzake womuthandiza. Ndi Bumblebee munthu amalemba liwu loti optirun patsogolo pa dzina la pulogalamu, pulogalamuyo n'kuyenda pa GPU yaikulu. Ikatsekedwa, kagawo kena kotchedwa bbswitch kamazimitsa GPU ija.

Bumblebee idathandiza anthu ambiri, koma imakumbukikanso ndi ngozi ya mu 2011. Mu mzere wina wa pulogalamu yoikira mudalowa kampata kamodzi pamalo polakwika. M'malo mofafaniza kafoda kamodzi ka Nvidia, lamulolo lidafafaniza foda yonse ya /usr, mmene mumakhala pafupifupi mapulogalamu onse a kompyuta. Amene adaiyesa masiku amenewo adagwira njakata. Phunziro lake likadali lamoyo: osathamangira lamulo lililonse lopezeka pa intaneti usanasunge zinthu zako pena.

Mkwiyo udafika pachimake mu Juni 2012 pa yunivesite ya Aalto ku Finland. Mayi wina mwa omvera adadandaulira Torvalds kuti laputopu yake ya Optimus ikumuvuta pa Linux. Poyankha, Torvalds adati Nvidia ndiyo kampani yovuta kuposa zonse zimene anthu a Linux adagwirapo nazo ntchito. Kenaka adayang'ana kamera, kuimika chala, n'kulankhula mawu amene sitingawalembe m'nyuzi yowerengedwa ndi ana omwe. Kanema wa zimenezi adafala dziko lonse lapansi.

Chaka chomwecho Airlie ndi anzake adayala maziko a njira yotchedwa PRIME, yolola GPU ziwiri kupatsirana zithunzi pa Linux. Madalaivala otseguka a Intel, AMD ndi nouveau adayamba kuigwiritsa ntchito msanga, pomwe Nvidia idabwera pang'onopang'ono. Mu 2013 dalaivala wake adayamba kulola GPU yaikulu kugwira ntchito pa malaputopu a Optimus, koma ikayaka imayakiratu mpaka mwini wake atasintha yekha.

Mudali mu Ogasiti 2019, ndi dalaivala nambala 435, pamene anthu a Linux adalandira chimene a Windows adali nacho kuyambira 2010, ndiko kuti GPU yaikulu idzuke chifukwa cha pulogalamu imodzi yokha, ikamaliza igonenso. Mu Meyi 2022 Nvidia idatsegula gawo la dalaivala wake lolumikizana ndi mtima wa Linux, ndipo mu 2024 idati gawo lotsegukali ndilo liziikidwa poyamba pa zipangizo zatsopano. Magawo ena a dalaivalayu akadali otsekedwa.

Njira zitatu

Pa Ubuntu ndi Linux Mint, laputopu ya GPU yaikulu ya Nvidia imayenda m'njira imodzi mwa zitatu.

Yoyamba ndi ya njinga yokha, imene amailemba kuti Power Saving Mode. GPU yaikulu imazimitsidwa, batire limakhalitsa, kutentha kumachepa, kafani kaja n'kukhala phee. Iyi ndiyo yoyenera mwana wa sukulu, mphunzitsi, mlembi wa mpingo kapena wa kopaletivi.

Yachiwiri ndi ya lole yokha, Performance Mode. Chilichonse, ngakhale kulemba kalata, chimadzera pa GPU yaikulu. Ndi yabwino pokhapokha laputopu ili pamagetsi ndipo pali ntchito yolemera ya tsiku lonse, monga kulumikiza kanema wa ukwati wa maola atatu. Ambiri amene amadandaula za batire amakhala ataiwala makina awo panjira imeneyi.

Yachitatu ndi On-Demand. Njinga imagwira ntchito zonse, lole imaitanidwa pakafunika.

Pa Linux Mint, dalaivala wa Nvidia akaikidwa, pamabwera kachizindikiro pansi pa sikirini pafupi ndi wotchi, ndipo mukakadina mumasankha njira imene mukufuna. Pa Ubuntu mutha kutsegula Terminal, kawindo kolembamo malamulo, n'kulemba prime-select query kuti muone njira imene mulipo. Posintha mumalemba sudo prime-select intel, sudo prime-select nvidia kapena sudo prime-select on-demand. Mukatero zimitsani kompyuta n'kuiyatsanso.

Mukakhala pa On-Demand, kuitana lole sikuvuta. Pa Ubuntu ndi Fedora dinani chizindikiro cha pulogalamu ndi batani la kumanja la mausi, n'kusankha Launch using Discrete Graphics Card. Pa Linux Mint mawu ake ndi ofananako ndipo amapezeka pamndandanda wa mapulogalamu.

Amene GPU yawo yaikulu ndi ya AMD Radeon ali ndi mwayi. Dalaivala wake amabwera kale mu Linux, GPU imagona yokha pakakhala palibe ntchito, ndipo kulemba DRI_PRIME=1 patsogolo pa dzina la pulogalamu n'kokwanira kuidzutsa.

Misampha ya makina akale

Apa ndi pamene pagona nkhani kwa ogula makina ogwiritsidwapo kale ntchito. Kuti GPU ya Nvidia igoneretu pa On-Demand zimatheka pa zipangizo za m'badwo wotchedwa Turing, umene udayamba mu 2018, ndi zatsopano kuposa pamenepo. M'gululi muli GeForce GTX 1650, GTX 1660 Ti ndi zonse zolembedwa RTX. Zakale monga 940MX, MX150, MX250 ndi GTX 1050 sizigoneratu ndi dalaivala wa Nvidia. Zimaoneka ngati zapuma, koma injini imakhala ikulirabe chapansipansi. Pa makina otere, mukafuna kusunga batire sankhani njira ya njinga yokha, lole muziiyatsa tsiku la ntchito yake.

Msampha wachiwiri ndi ukalamba wa madalaivala. Nvidia imafika posiya kusamalira zipangizo zakale. GeForce 820M idathera pa dalaivala 390, 920M idathera pa 470, ndipo mu 2025 kampaniyo idalengeza kuti 580 ndiye womaliza wa mibadwo ya Maxwell ndi Pascal, mmene muli 940MX, MX150 ndi GTX 1050. Linux ikamapita patsogolo, madalaivala osiyidwawa amayamba kukana kulowa. Wotsala amakhala nouveau, amene amadziwa kugoneka GPU koma satulutsa mphamvu zonse za zipangizo zambiri.

Wachitatu ndi wa pulojekita. Pa malaputopu ambiri a magemu ndi a ntchito zolemera, kabowo ka HDMI kadalumikizidwa ku GPU yaikulu. Mukaizimitsa, pulojekita ya kutchalitchi kapena TV ya pabalaza siionetsa kanthu. Anthu amayamba kuda chingwe, ena mpaka kukagula china, pomwe mankhwala ake ndi kungobwerera pa On-Demand kapena Performance Mode. Ngati pali mwambo woti mukaonetse kanema, yesani dzulo lake, osati anthu atakhala kale pamipando.

Wachinayi ndi wa Secure Boot, chitetezo chimene chimaletsa madalaivala osadziwika kulowa kompyuta ikamayaka. Poika dalaivala wa Nvidia mutha kuuzidwa kuti mupange mawu achinsinsi, ndipo poyatsanso pamabwera sikirini yabuluu yolembedwa za MOK. Musaidumphe. Sankhani Enroll MOK n'kulemba mawu achinsinsi aja, apo ayi dalaivalayo sagwira ntchito.

Makina ena ali ndi njira yachidule. Mwachitsanzo, ma ThinkPad T420, T430, W520 ndi W530 okhala ndi Nvidia amalola kusankha Integrated Graphics, Discrete Graphics kapena NVIDIA Optimus mu BIOS, malo aja mumalowa kompyuta ikangoyamba kuyaka. Wosafuna lole n'komwe angasankhe Integrated Graphics, nkhani n'kuthera pomwepo.

Zoyenera kuchita

Choyamba, dziwani ngati laputopu yanu ili ndi GPU ziwiri. Kachikwangwani kobiriwira kolembedwa GeForce kapena kofiira kolembedwa Radeon pafupi ndi mabatani olembera kangakupatseni chithunzi, koma kamatha kumatuka, komanso dzina la Radeon limapezekanso pa GPU zaing'ono za AMD. Chotsimikizika ndi kulemba lspci mu Terminal n'kufufuza mizere yokhala ndi mawu oti VGA, 3D kapena Display. Ikakhala iwiri, GPU ndi ziwiri. Ukakhala umodzi, vuto lanu lili pena.

Chachiwiri, pimani batire lenilenilo. Lamulo loti upower -d limaonetsa manambala awiri ofunika. Energy-full-design ndi mphamvu imene batire limasunga lili latsopano, energy-full ndi imene likusunga panopa. Ngati lachiwirili latsika kufika theka la loyamba, batire lakalambadi, ndipo kusintha GPU kungangokuwonjezerani kanthawi pang'ono.

Chachitatu, musanasinthe kalikonse koperani zithunzi za banja, ntchito za kusukulu ndi mabuku a bizinesi pa fulashi.

Chachinayi, dalaivala muikeni kudzera pakhomo loyenera, limene ndi Driver Manager pa Linux Mint kapena Additional Drivers pa Ubuntu, ndipo sankhani amene kompyutayo yakulozerani. Dalaivalayu ndi wamkulu, amadya ma MB mazana angapo, choncho konzekerani bandulo yokwanira ndipo chitani izi batire lili lodzadza.

Chachisanu, yesani nokha. Chotsani chaja, gwirani ntchito yanu ya masiku onse kwa ola limodzi panjira imodzi, mulembe mmene batire latsikira. Mawa lake chitani chimodzimodzi panjira ina. Pulogalamu yotchedwa powertop imaonetsa mawati amene laputopu ikudya ikakhala pabatire. Chenjezo n'lakuti lamulo la nvidia-smi, limene ambiri amaonera ngati GPU yagona, limaidzutsa lokha pofunsapo. Kuli ngati kugwedeza munthu n'kumufunsa ngati ali m'tulo.

Chomaliza ndi kutentha. GPU yaikulu ikayaka imatulutsa kutentha kwambiri, ndipo kutentha kumakalambitsa batire msanga. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, laputopu yoikidwa pamatiresi kapena pabulangete imatsekeka mopumira. Ikani patebulo, ndipo kamodzikamodzi kapatseni wokonza kuti achotse fumbi lomatirira pa kafani.

Musanatulutse ndalama

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kachikwangwani kobiriwira kaja kamakweza mtengo wa laputopu, koma si aliyense amene adzapindule nako. Musanagule dzifunseni kuti makinawo azikagwira ntchito yanji. Ngati ndi yolemba, kuwerenga, kufufuza ndi kuonera makanema, laputopu ya GPU yaing'ono yokha ndiyo yabwino. Imasunga moto, siitentha kwambiri, ndipo Linux imalowamo popanda chovuta cha madalaivala a zithunzi.

Musaderere GPU zaing'ono za masiku ano. Iris Xe ya Intel, imene idatuluka mu 2020, komanso Radeon ya m'mapurosesa a Ryzen, zimaposa GPU zazikulu zina zakale monga GeForce 920M. Ngakhale Steam Deck, makina a magemu amene kampani ya Valve idatulutsa mu 2022, amayenda ndi Linux komanso GPU ya AMD yokhala pamodzi ndi purosesa. Njinga za lero zambiri zili ndi injini.

Koma ngati mwana wanu akuphunzira zomangamanga, kapena mukufuna kutsegula kabizinesi kokonza makanema pamsika, lole ndi yofunikadi. Zikatero yesetsani kupeza ya m'badwo wa Turing kapena watsopano kuposa pamenepo, chifukwa imeneyo imagona yokha ndipo dalaivala wake akusamalidwabe.

Ubwino wina wa Linux ndi woti imatha kuyenda kuchokera pa fulashi popanda kufafaniza kalikonse mu kompyuta. Pemphani wogulitsa kuti muyese laputopuyo mwanjira imeneyi musanalipire. Onani ngati Wi-Fi, mawu ndi kabowo ka HDMI zikugwira ntchito, ndipo lembani lspci ndi upower -d muli pomwepo. Wogulitsa wa katundu wabwino sangakane mphindi 15.

Safunsa adadya phula. Mukapita kwa wokonza kuti akuikireni Linux, musanyamuke asanakuuzeni zinthu zitatu: GPU zimene zili m'makina anuwo, njira imene wawasiyapo, ndi pamene muzidina mukafuna kusintha. Zilembeni pakapepala n'kuzisunga m'chikwama cha laputopuyo, kuti aliyense wa pakhomopo woigwiritsa ntchito adziwe nthawi yoyatsa lole ndi nthawi yoizimitsa.